Kuyala kapinga pabwalo kuti mvula ya ku Mulanje isamukokolole

Mukayang'ana m'munsi mwa nyumba zambiri kuno ku Mulanje muona njerwa za maziko zili pambalambanda, mizere itatu mwina inayi, chonsecho pomanga zinali zokwiririka. Palibe anaba dothilo. Tsache la m'mawa uliwonse limachotsa pang'ono, ndiye mvula ya mu Januwale imadzanyamula lotsalalo n'kukalitula mu Likhubula kapena mu Ruo. Nyumba yanga, kufupi ndi pa Chitakale, inafika poti amayi anga akabwera kudzacheza tinkachita kuwagwira dzanja kuti akwere pakhonde. Apo mpamene ndinaganiza za kapinga. Zokongoletsa zinalibe ntchito kwa ine nthawi imeneyo. Ndinkangofuna kuti dothi likhale pamalo ake, matope ofiira aleke kulowa m'nyumba.

Anthu ambiri amabzala kapinga pozula timitsitsi, kutiika m'mizere, n'kudikira miyezi iwiri kapena itatu kuti ayange. Njira ina ndi yodula kapinga wokhwima kale pamodzi ndi dothi lake, n'kudzamuyala pabwalo ngati matailosi. Zidutswa zimenezi ndizizitchula kuti zigamba. Njira iyi ndi yolemetsa ndipo imadya ndalama, koma pamalo otsetsereka ngati athuwa ndiyo imathandiza, chifukwa nthaka imaphimbika tsiku lomwelo.

Ulendo woyamba zinandikanika. Ndinayala kumapeto kwa Januwale, pa dothi lotsendereka limene ndinangolipala pamwamba. Patatha masiku anayi kunagwa chimvula cha usiku, ndipo kutacha ndinapeza theka la zigambazo litaunjikana kumpanda ngati mphasa zopindidwa. Amene anandiwongolera ndi madala ena oyandikana nawo, amene anagwira ntchito yosamalira maluwa ndi mabwalo ku esiteti ya tiyi mpaka kupuma. Anafika, n'kuponda pansi ndi chidendene, nati: "Achimwene, udzuwu ulibe mlandu. Mwaugoneka pa simenti." Zambiri mwa izi ndinaphunzira kwa iwowo, zina ndinaphunzira nditawononga kaye.

Mwezi woyalira

Zigamba zimafuna dothi lachinyontho ndi lofunda kwa masabata atatu otsatizana, popanda chimvula chokokolola. Kuno nyengo zotere zilipo ziwiri. Ina ndi kumapeto kwa Novembala mpaka pakati pa Disembala, mvula yobzalira italowa bwino pansi. Inayo ndi kumapeto kwa Malichi ndi mwezi wa Epulo, mvula ikamatsazika. Ine ndimakonda yachiwiriyi chifukwa kutsogolo kwake kuli chiperoni, mvula yowaza ndi nkhungu zija zochokera ku Mozambique, zimene zimakuthirirani mwaulere. Mungofulumira, poti kuzizira kwa Juni ndi Julayi kukafika mizu imachita ulesi.

Kuyambira Januwale mpaka pakati pa Malichi musayerekeze. Ndi nyengo ya anamondwe: Ana anabwera mu Januwale 2022, Freddy mu Malichi 2023, ndipo palibe wa kuno amene angafune kukumbutsidwa zimene madzi anachita. Ngakhale chaka chopanda namondwe, madera ena a m'mphepete mwa phiri amalandira mvula yopitirira mamilimita 2,000. Okutobala nayenso ndi woipa. Chigamba chongodulidwa kumene chikakhala theka la tsiku padzuwa la mwezi umenewu chimauma ngati chikumba.

Mtundu wa kapinga

Kapinga wamba wa timasamba tating'ono, uja amamera yekha m'mabwalo a mpira, amakonda dzuwa la tsiku lonse ndipo saopa kupondedwa. M'chilimwe amafiira ngati wafa, mvula ikangogwa n'kudzuka. Pamthunzi amathothoka.

Kikuyu anachokera kumapiri a ku Kenya, n'chifukwa chake amasangalala m'malo ozizirirapo ndi amvula ngati ku Bvumbwe ndi kumtunda kwa Thyolo. Amabiriwira mosiririka, koma ndi wadyera: m'dzinja amafuna kutchetchedwa sabata iliyonse, ndipo mukamulekerera amalowa m'maluwa, m'dimba, ngakhale m'ming'alu ya khonde. Amene alibe nthawi asamutenge.

LM, amene dzina lake linachokera ku Lourenço Marques, Maputo wa leroyu, ali ndi masamba ofewa otambalala ndipo amapirira mthunzi kuposa anzakewo. Vuto lake n'lakuti amayanga pamwamba pokha, alibe nthambi zoyenda pansi pa nthaka, ndiye mukamutchetcha mpaka pansi kapena ana akamasewerapo mpira tsiku ndi tsiku, amatha. Pali wina wotchedwa Paspalum, wa masamba olimbirapo ndi mizu yakuya, amene sanyansidwa ndi dothi losauka. Amachedwa kuyanga, koma pamalo otsetsereka amagwira nthaka bwino kwambiri.

Njira yosavuta yosankhira ndi iyi: yendani m'dera lanu mu Seputembala, muone bwalo limene likadali ndi moyo, la dzuwa kapena mthunzi wofanana ndi wa kwanu, mufunse mwini wake. Ndipo pansi penipeni pa mtengo wa mapeyala kapena wa mango musadzivute, palibe kapinga amene amakhalitsapo. Pamenepo ikanipo benchi.

Yezani bwalo, muwerengere ndi madzi omwe

Tengani tepi, muchulukitse utali ndi ufupi. Langa ndi mamita 10 mulitali, 8 mulifupi, kutanthauza masikweya mita 80, ndipo ziwerengero zonse zotsatirazi ndi za bwalo lotere. Zigamba za masentimita 30 mbali zonse zimalowa 11 pa sikweya mita imodzi, ndiye pafunika pafupifupi 900. Muwonjezerepo 50 kapena kuposa, poti zina zimaphwanyika panjira, zina mudzazidula m'makona. Chigamba chimodzi chonyowa chimalemera makilogalamu 5 kapena kuyandikira pamenepo. Zonse pamodzi zikupitirira matani 4. Si katundu wa panjinga ameneyu, ndipo si ntchito ya munthu mmodzi.

Tsopano madzi, amene ambiri amawaiwala. Masiku oyamba, kukapanda kugwa mvula, sikweya mita iliyonse imafuna malita 10 patsiku. Pabwalo langa ndi malita 800: migolo 4 ya malita 200, kapena ndowa 40 za malita 20. Ngati madzi anu ndi a mita, bilu ya mwezi umenewo muiyembekezere. Ngati mumatunga pampopi wa m'mudzi, ganizirani amayi amene ali pamzere kumbuyo kwanu. Chiwerengerochi chikakuopsani, gawani bwalolo pawiri, muyale mbali imodzi chaka chino.

Musanakumbe, khalani pakhonde tsiku limodzi muone mmene anthu a m'nyumba mwanu amayendera. Njira yopita kukhitchini, kubafa, kuchimbudzi ndi kuchingwe choyanikapo zovala sidzasintha chifukwa choti mwayala kapinga. Muikemo miyala yafulati kapena njerwa. Musiyenso malo ena opanda udzu oyanikapo ufa, nandolo ndi makaka, chifukwa mphasa kapena lona ikagona pa kapinga masiku awiri padzuwa, pamatsala chizindikiro chachikasu chofanana ndendende ndi mphasayo.

Kukonza nthaka

Ntchito yeniyeni ili apa, ndipo imayamba masabata atatu kapena anayi zigamba zisanabwere.

Limani ndi khasu kapena piki mpaka masentimita 15 kapena 20. Zimene mutulutse pansipo zikudabwitsani, makamaka ngati nyumba ndi yatsopano: zibenthu za njerwa, malo amene amisiri ankapondera simenti, mapepala apulasitiki, misomali. Chotsani zonse. Pamene pali simenti pansi, kapinga amadzauma poyamba chaka chilichonse, inu n'kumadabwa kuti pali chiyani. Zitsa ndi mizu yakufa, makamaka ya bulugama, zuleni mpaka kumapeto, chifukwa ndiyo nkhokwe ya chiswe.

Mukatero thirirani, kapena dikirani mvula, musiye masabata awiri. Udzu wonse umene unabisala utuluka. Chisoso ndi bonongwe n'zosavuta. Adani enieni ndi dawe, nsongole ndi khovani. Dawe ali ndi timbatata pansi, ndipo mukangodula pamwamba amaphuka kawiri. Mufukule ndi timbatata take tomwe, mukataye kutali. Khovani naye musamusiye pamulu pafupi, kachidutswa kalikonse kamamera.

Dothi lathu lofiira ndi la asidi wambiri. N'chifukwa chake tiyi amakondwa kuno, poti iye amafuna dothi lotero. Kapinga wambiri amafuna asidi wochepako, ndipo m'dothi la asidi feteleza amene mumathira sagwira ntchito yake yonse, makamaka fosifolasi, amene mizu imamufuna. Mankhwala ake ndi laimu wa kumunda, wogula kusitolo ya zipangizo zaulimi. Musasokoneze ndi njereza yopaka m'makoma. Mwazani magalamu 150 mpaka 200 pa sikweya mita, kutanthauza makilogalamu 12 mpaka 16 pabwalo lonse, n'kusakaniza ndi dothi masabata awiri kapena kuposa musanathire feteleza. Amene akufuna kudziwa mlingo weniweni wa dothi lake afunse alangizi a zaulimi mmene angatumizire dothi kokayezetsa ku malo a kafukufuku a Bvumbwe. Phulusa la nkhuni limathandizanso, mongowaza ngati mukuthira mchere m'ndiwo, osaunjika.

Kenako manyowa. Akhale owola bwino, akuda, osanunkha ndiponso osatentha mukapisamo dzanja. Ndowe zaziwisi zimabwera ndi mbewu za udzu komanso zimaitana chiswe, ndipo zitosi za nkhuku zaziwisi zimawotcha mizu. Mawilibala 30 amakwana kuphimba bwalo langa mokhuthala masentimita awiri ndi theka. Sakanizani ndi dothi la pamwamba, asangokhala paokha.

Tsopano yang'anani kumene madzi amapita. Bwalo lipendekere kutali ndi nyumba, kutsika masentimita awiri pa mita iliyonse. Khomani zikhomo, mumange chingwe, mubwereke levulo kwa mmisiri. Ngati denga lanu la malata lilibe magata, madzi ogwa kuchokera pamenepo adzakumba mzere m'kapinga wanu ngati mpeni. Konzani ngalande ya njerwa kapena thirani miyala ya kwale pamzere umenewo, madziwo muwalondolere kumene sangavutitse anzanu a kumunsi. Ngati kumtunda kwa poloti yanu kumachokera madzi, kumbani ngalande yopingasa n'kubzala vetiva m'mphepete mwake. Izi ndi zimene ine sindinachite ulendo woyamba uja.

Chomaliza ndi kusalaza. Phwanyani zibuma, mukoke reki, kenako muyende bwalo lonse ndi zidendene, pang'onopang'ono, phazi pafupi ndi linzake. Madala aja ankati ndiyende ngati nkhuku yomangidwa miyendo. Pamene palowa thiranipo dothi, mukokenso reki. Dothi lokonzeka ndi limene mukapondapo chizindikiro cha nsapato chimaoneka koma phazi silititimira. Likhale lotsikirapo masentimita 4 poyerekeza ndi njira kapena ngalande, kuti zigamba zikagona zifanane nazo. Kutatsala tsiku limodzi mwazani feteleza wa fosifolasi wambiri, monga D Compound, magalamu 40 pa sikweya mita, ndiye kuti makilogalamu atatu ndi pang'ono, mumulowetse ndi reki, muwaze madzi.

Kudula ndi kunyamula

Kaya mukugula kapena mnzanu wakupatsani, pitani mukaone nokha pamene akudulapo. Gwadani, mupatule udzuwo ndi zala. Mukaona dawe, bwererani, mungagule mavuto ndi ndalama zanu. Ndipo kapinga wa pabwalo la sukulu, la tchalitchi kapena la esiteti ali ndi eni ake. Wa m'mphepete mwa mtsinje akugwira gombe, musiyeni.

Malo odulapowo atchetchedwe mofupika ndi kuthiriridwa dzulo lake, kuti dothi ligwirane. Mangani zingwe, mucheke mizere ndi chikwanje kapena fosholo yowongoka yakuthwa, kenako mulowetse fosholoyo mogoneka, masentimita 3 kapena 4 pansi pa udzu. Chimene chimafunika kwambiri n'chakuti zigamba zonse zikhuthale mofanana. Zikasiyana, bwalo lanu lidzakhala la mabampu ngati msewu wa kumudzi, ndipo mudzawamva nthawi iliyonse potchetcha. Ngati mukudula kwa mnzanu, siyani timizere ta kapinga pakatipakati n'kuthirapo dothi, pake padzatsekanso.

Sanjikizani zisanu basi, zoposa apo za pansi zimaphwanyika ndi kutentha. Ziikeni pamthunzi, muziphimbe ndi masaka onyowa. Pulasitiki ayi, amaziphika. Lamulo lake ndi limodzi: zodulidwa lero zigone pansi lero, zikachedwetsetsa mawa m'mawa. Choncho dulani zokhazo zimene mungathe kuyala.

Tsiku loyala

Yambani m'mamawa, anthu atatu kapena anayi: wina pa wilibala, awiri oyala, wina ndi kheni yothirira. Dothi likhale lonyowa pang'ono koma losamata.

Mzere woyamba utsate chinthu chowongoka, khonde kapena chingwe. Ngati malo ndi otsetsereka, yambirani kumunsi n'kumakwera, mizere ikhale yopingasa ngati mizere ya m'munda wa paphiri. Mzere wachiwiri uyambe ndi theka la chigamba kuti mipata isayang'anane, monga amachitira mmisiri pomanga njerwa. Mipata ikalondolana kuchoka kumtunda mpaka kumunsi, mwawakonzera madzi msewu.

Chigamba chilichonse chikankhireni kwa chinzake mpaka zigundane, koma china chisakwere pa chinzake, ndipo musachikoke kuti chitalike. Zikayamba kuuma zimafupika pang'ono, ndiye kampata kamene mwasiya lero mawa kakhala kakakulu. Chikakhala chopyapyala thirani dothi pansi pake, chikakhuthala palani pansi. Musaponde dothi losalaza lija, ndiponso musagwade pa zigamba zimene mwangoyala. Goneketsani thabwa pamwamba pake, muzigwada pathabwapo n'kumalisuntha.

Tizidutswa tating'ono musatiike m'mphepete, timauma msanga. M'mphepete mukhale zigamba zathunthu, tating'onoto tilowe pakati. Mbali zakunja zimene zili poyera zikwirireni ndi dothi. Pamene patsetsereka kwambiri khomani chigamba chilichonse ndi tizikhomo tiwiri ta nsungwi youma, totalika ngati chikhatho, mudzatizule pakatha mwezi.

Musadikire kuti mumalize bwalo lonse musanathirire. Mukayala mizere inayi kapena isanu, wa kheni ayambe. Mukamaliza gawo, tsenderani kuti mizu ikhudzane ndi dothi, poti pamene patsala mphako pansi chigambacho chimafa ngakhale muthirire motani. Amene alibe chogudubuza agoneke thabwa lalikulu n'kumayendapo, kapena agudubuze mgolo wokhala ndi madzi theka. Kenako sakanizani dothi losefa ndi mchenga wa kumtsinje, muthire m'mipata yonse, mulowetse ndi tsache. Pomaliza thirirani kwambiri, mutukule ngodya ya chigamba chimodzi muone: madzi akhale atadutsa n'kunyowetsa dothi la pansi mpaka kutalika kwa chala.

Amene zigamba zamuchepera akhoza kuziyala motalikitsa ngati bolodi ya dirafuti, n'kudzaza mipata ndi dothi losakaniza manyowa. Theka la zigamba limakwana, ndipo m'nyengo yofunda pamatseka m'miyezi iwiri kapena itatu, kungoti mupalira kwambiri. Pamalo otsetsereka njira iyi musaiyese.

Masabata atatu oyamba

Sabata yoyamba ndi yachiwiri thirirani m'mawa uliwonse, ndipo kukatentha bwerezani pang'ono chakumasana dzuwa litapendeka. Mvula ikagwa musangokhulupirira maso. Chiperoni chikhoza kunyowetsa masamba tsiku lonse pansi pali pouma. Tukulani ngodya muone, kapena ikani chitini chopanda kanthu pabwalo kuti muziona kuchuluka kwa madzi amene agwa. Mbali inayi, madzi akamatuluka m'mbali mwa nsapato mukaponda, mwaonjeza. Lekani tsiku limodzi kapena awiri, mizu imafunanso mpweya. Kuno kwathu kapinga wofa ndi madzi ochuluka ndamuona kawirikawiri kuposa wofa ndi ludzu. Kuthirira usiku m'nyengo yozizira kumabweretsa chuku, mawanga ofiirira ozungulira aja.

Pasapondepo munthu. Izi n'zosavuta kuuza akuluakulu, koma ana, nkhuku ndi mbuzi za aneba samva. Nkhuku ndizo zoopsa, zimapalasa m'mipata kufuna nyongolotsi n'kutembenuza zigamba. Zitsekereni m'khola masabata awiri, kapena zingani bwalolo ndi nsungwi ndi nthambi zaminga. Ine ndinachita kulonjeza ana anga kuti mpira woyamba tidzasewera limodzi pakatha masabata asanu ndi limodzi, n'kulemba tsikulo pakalendala.

Masamba ena achita chikasu masiku oyambawa, musade nkhawa. Pakatha masiku 10 mpaka 14 gwirani udzu wa chigamba chimodzi mukoke pang'ono. Chikakana, mizu yagwira, ndipo mukasuzumira muona timizu toyera tatsopano. Kuyambira apo chepetsani maulendo othirira koma muzithira ambiri: tsiku lililonse lachiwiri, kenako kawiri pa sabata. Mukamawaza pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku mizu imazolowera kukhala pamwamba, ndipo dzuwa la Okutobala lidzaipeza pomwepo. Kapinga wokhazikika amafuna madzi okwana masentimita awiri ndi theka m'chitini chija pa sabata, omwe ndi malita 25 pa sikweya mita.

Kutchetcha ndi kudyetsa

Kutchetcha koyamba kumabwera pakatha masabata atatu kapena anayi, zigamba zitagwira. Chikwakwa chisayandikire ulendo woyambawu, chimakoka n'kuzula. Gwiritsani ntchito sizasi yaikulu yodulira heji kapena makina akuthwa okwezedwa m'mwamba, pa tsiku louma, mungodula nsonga.

Pambuyo pake, musadule kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wa udzuwo pa ulendo umodzi. Kapinga wamba akhale masentimita 3 kapena 4, Kikuyu 4 kapena 5, LM 6 kapena 7. Apa mpamene ndimakangana ndi anyamata aganyu. Iwo amafuna kumeta mpala mpaka dothi lioneke kuti muone kuti agwira ntchito, komanso kuti asabwerenso msanga. Bwalo lometedwa choncho limapsa, dawe n'kupeza mpata. Muwalipire kuti azibwera pafupipafupi, ndipo chikwakwa chikhale chonola. Oopa njoka adziwe kuti pa udzu wa masentimita 5 njoka imaoneka patali. Imene imabisala ndi ya m'tchire la kuseri kwa bafa limene simulitchetcha.

Zotchetcha zikakhala zochepa zisiyeni pomwepo, zimabwerera m'nthaka. Zikachuluka zikokeni, zipite kudzenje la kompositi.

Feteleza wowonjezera ayambe pakatha masabata asanu ndi limodzi. Urea ndi wamphamvu, nayitrojeni wake ndi 46 peresenti, ndiye magalamu 10 pa sikweya mita akwana, kutanthauza kuti kilogalamu imodzi siitha pabwalo langa. CAN ndi wofatsirapo ndipo sawonjezera asidi m'dothi ngati Urea. Wake ndi magalamu 20. Mwazani udzu uli wouma, theka mukuyenda mulitali, theka mukuyenda mulifupi, n'kuthirira nthawi yomweyo. Mukamusiya pamasamba onyowa amawotcha. Kawiri kapena katatu m'dzinja n'kokwanira. Mu Juni ndi Julayi musathire, udzu uli m'tulo.

Chiswe, mbozi ndi zigamba zakufa

Chiswe chimayamba kuoneka mvula ikatha: timizere ta dothi pamwamba pa udzu, ndi malo ozungulira amene akuyera ngati ametedwa. Chimakonda udzu wouma wounjikana pansi pa wamoyo, choncho kamodzi pachaka, chakumayambiriro kwa mvula, kokani reki mwamphamvu muchotse zinyalala zakufazo. Londolani kumene chikuchokera, nthawi zambiri ndi chitsa chimene munachiphonya kapena chulu cha kuseri kwa mpanda. Mukafuna mankhwala, gulani ku sitolo yovomerezeka, m'botolo lake lolembedwa, mutsate mlingo wake, ndipo ana ndi nkhuku asayandikire mpaka pouma. Za m'timabotolo topanda dzina za pamsika zisiyeni, makamaka ngati chitsime chili pafupi.

Mukaona malo achikasu amene mukakoka udzu ukungonyamuka wopanda mizu, fukulani. Mupeza mbozi zoyera zopindika, za mutu wofiirira. Zikakhala zochepa tolani mupatse nkhuku, apa pokha ndiye zikhale ndi phindu. Ntchemberezandonda zimabwera m'dzinja ndipo zikhoza kumeta bwalo m'masiku awiri. Mbalame zikachuluka mwadzidzidzi pa kapinga m'mawa, gwadani muyang'ane. Malo ena amapsa chifukwa cha mkodzo wa galu kapena madzi a sopo otayidwa pamodzimodzi tsiku lililonse, ndipo amenewo mankhwala ake ndi kukambirana ndi a m'nyumba.

Dawe wotulukira m'mipata muzuleni akadali wamng'ono, pansi pali ponyowa, ndi kampeni kakale ka kukhitchini. Mphindi 10 madzulo aliwonse mwezi woyamba zimaposa tsiku lathunthu la ganyu mu Febuluwale.

Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba sankhani chimodzi: kuthirira mokwanira kamodzi pa sabata, kapena kumusiya kapinga agone. Kapinga wamba, Kikuyu ndi Paspalum akakhala kuti anakhazikika bwino amadzuka okha. LM ndi amene amafunako madzi apo ndi apo. Bwalo loyalidwa mu Epulo chaka choyambacho lithirireni ndithu, mizu yake sinafike patali.

Ndipo kuseri kwa nyumba, pakona pamene palibe ntchito, yalanipo zigamba zotsala zija, malo a mamita awiri mbali zonse, muzizisamalira ngati za kutsogolo. Tsiku limene pakhomo padzakhale chinkhoswe kapena maliro, tenti ndi mipando zitakhala masiku atatu, ophika atakoleza moto pamene simunawauze, mudzangodula malo owonongekawo mwa makona anayi, kutipula pansi pake, kuthira manyowa pang'ono, n'kukatenga chigamba cha msinkhu womwewo kuseri kuja. Pakatha masabata atatu a mvula simudzazindikiranso pamene panali mafuwa.